Kankhodolero kamene kanadya tiyi wa agogo

Tsiku la malipiro a mwezi wa Januwale 2023, agogo ena aamuna anakana kuchoka pa shedi. Anthu onse anali atabalalika, ine ndikupinda mabuku, iwo ali chikhalire pa benchi ndi kafoni kawo ka mabatani m'manja. Kenaka anandikodola.

"Akalaliki, tabwerani. Uthenga wa ndalama wafika, koma ndalamazi si za tiyi wanga. Mwezi uno ine ndi mdzukulu wanga tatchola kuposa Disembala, nanga zikuchepa bwanji?"

Ndinayankha monga amayankhira kalaliki aliyense wotopa: "Agogo, kompyuta sinama." Anangoseka pang'ono, n'kutulutsa m'thumba la jekete timapepala ta pa sikelo tomangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga. Tinawonkhetsa limodzi. Pa timapepalato panali makilogalamu 310. Mu kompyuta munali 164.

Ndine kalaliki wa gulu la alimi ang'onoang'ono a tiyi kuno ku Mulanje, cha ku Limbuli, njira yopita ku Muloza. Ntchito yanga ndi kulemba makilo amene aliyense wabweretsa pa sikelo, kuwonkhetsa pakutha pa mwezi, n'kukonza mndandanda wa malipiro. Kuyambira Disembala mpaka Epulo, mvula ikakhazikika, tiyi amaphuka usiku ndi usana, ndipo pa shedi pamakhala mzere wa madengu kuyambira m'mamawa. Pulogalamu yolembera zonsezi anatiikira pa laputopu ya gulu mnyamata wina, mwana wa achemwali awo a tcheyamani, asanapite ku Joni. Sitinalipire kalikonse. Anangotiuza kuti ndi ya open source, ife n'kumva kuti ndi yaulere, nkhani n'kuthera pomwepo.

Usiku umenewo ndinakhala pa laputopu mpaka batire linatha. Ndinapeza kuti agogo aja analimo kawiri. Dzina lawo ndi limodzi mwa mayina athu aja okhala ndi nkhodolero, monga Ng'oma, Mang'anda kapena M'bwana. Pa sikirini mayina awiriwo ankaoneka ngati mapasa. Loyamba linali ndi nambala ya foni yolandirira ndalama. Lachiwiri linalibe, ndipo ndi limene linasunga makilo 146 osowawo. Mlimi akabwera ndi khadi lake timangolemba nambala, akaiwala khadi timasaka dzina. Mdzukulu wawo khadi ankaliiwala kawirikawiri. Tsiku lina la mzere wautali ndinasaka dzinalo, pulogalamu inati kulibe munthu wotero, ine poganiza kuti anafufutika ndinawalembetsa kachiwiri. Wolakwa woyamba ndinali ine, zimenezo sindikana. Koma funso linandivutabe: munthu alimo, nanga pulogalamu inalephera bwanji kumupeza?

Ndili ndi kasatifiketi ka za makompyuta kamene ndinakatenga ku Blantyre, ndipo Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, ndinkangoidziwa ya pamwambamwamba. Yomweyo inakwana. Ndinakopera mayina awiriwo, n'kufunsa Python nambala ya lembo lililonse pogwiritsa ntchito ord(). Malembo onse anafanana kupatula nkhodolero. Ina inali 39, inzake 8217. Kwa ife zonse ndi nkhodolero, koma kwa kompyuta ndi zinthu ziwiri zosiyana ngati mbuzi ndi nkhosa: yowongoka imene imatuluka ukadina pa kiyibodi, ndi yopindika imene Microsoft Word imaika yokha pofuna kukongoletsa zolemba. Mndandanda woyamba wa mamembala anautaipa mu Word a sekilitale a gulu, n'chifukwa chake mayina onse akale anali ndi yopindika. Ine posaka ndinkataipa yowongoka.

Panalinso kena kamene tinakazolowera ngati fungo la m'nyumba mwathu. Pa malisiti dzina lotere linkatuluka Ng'Oma, Mang'Anda, M'Bwana, lembo lalikulu pakati pa dzina. Nditatsegula khodi, malangizo olembedwa amene amayendetsa pulogalamuyo, ndinapeza kuti akugwiritsa ntchito title(), imene imakweza lembo lililonse lobwera pambuyo pa chizindikiro chimene si lembo. Ngakhale malangizo a Python enieniwo amachenjeza za khalidwe limeneli pa mawu okhala ndi nkhodolero.

M'mawa mwake ndinafotokozera a tcheyamani. Iwo anati, "Imbira kampaniyo, atibwezere ndalama za mkuluyu." Apa m'pamene ndinayamba kuwerenga zimene ndikanawerenga kalekale. M'foda ya pulogalamuyo munali fayilo yotchedwa LICENSE, laisensi ya MIT, yaifupi moti imakwana pa tsamba limodzi. Imati gwiritsa ntchito, sintha, gawa, ngakhale kugulitsa, bola usachotse mawu a laisensiyo ndi dzina la eni ake. Kumunsi, m'malembo akuluakulu, imanenetsa kuti chinthucho ukuchitenga mmene chilili, palibe wokulonjeza kuti sichidzalakwitsa. Kampani kunalibe. Kunali anthu ochepa a m'maiko osiyanasiyana, aliyense ali ndi ntchito yake yomudyetsa, amene ankakonza pulogalamuyi madzulo ndi Loweruka.

Pa nkhani iyi Chichewa chimaposa Chingerezi. Iwo ali ndi mawu amodzi oti free, ndipo Richard Stallman, amene anayambitsa GNU, ntchito yopanga mapulogalamu aufulu, mu 1983, wakhala akuvutika zaka zonsezi kufotokoza kuti akunena za ufulu osati mtengo. Ife tili ndi mawu awiri, ulere ndi ufulu, ndipo mwana aliyense amawasiyanitsa. Tinkaganiza kuti tapatsidwa chaulere, chosaloledwa kuchidandaula. Koma tinapatsidwa chaufulu: tikhoza kutsegula, kuona m'kati, n'kukonza. Ndipo zinthu zoterezi zatizungulira kuposa mmene timadziwira. Foni za Android zimayenda pa Linux, imene Linus Torvalds anaiyamba mu 1991. Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa malipoti a zipatala pa DHIS2. Ku Neno akhala akusunga mbiri za odwala pa OpenMRS. Anyamata ndi atsikana amene amayenda m'midzi ndi matabuleti kufunsa mafunso a kafukufuku, ambiri amakhala akudina ODK Collect kapena KoboCollect. Zonsezi khodi yake ili poyera.

Ndikanatha kukonza pa laputopu yathu yokha n'kukhala chete. Ndinatsala pang'ono kutero. Chinandiletsa n'chakuti tsiku limene tidzatenge mtundu watsopano wa pulogalamuyo, chigamba changa chidzafufutika, ndipo kalaliki wobwera pambuyo panga sadzadziwa n'komwe kuti panali chigamba. Ndiye ndinatsegula akaunti pa GitHub, tsamba la pa intaneti pamene eni pulogalamuyo amasunga khodi yake ndi kulandira malipoti a mavuto.

Lipoti langa loyamba, limene kumeneko amati issue, ndimachita nalo manyazi mpaka lero. Unali mzere umodzi wa Chingerezi cha mkwiyo, woti pulogalamu yanu ikubera alimi ndalama, konzani msanga. Patapita masiku awiri wina anandiyankha mofatsa: pepani ndi zimene zachitika, koma tiuzeni mtundu wa pulogalamu umene muli nawo, zimene munachita, zimene munayembekeza, ndi zimene zinachitika. Anandilozeranso fayilo ya CONTRIBUTING, mmene zonsezo zinalembedwa kale. Safunsa anadya phula, koma ine ndinadya phula malangizo ali pakhomo.

Pofuna kuwaonetsa umboni ndinajambula sikirini. Chala chili pa batani lotumizira, diso linagwera pa chithunzicho: mayina a alimi khumi ndi awiri, midzi yawo, manambala a foni, ndalama zimene aliyense analandira. Zimene umaika pa pulojekiti yoonekera poyera pa GitHub aliyense padziko amaziona, ndipo ngakhale uzifufute, amene akutsatira pulojekitiyo amakhala atalandira kale imelo. Ndinachotsa chithunzicho thukuta lili kamukamu. Nthawi imeneyo linali dzina la gulu lokha limene likanaipa. Kuyambira 2024 dziko lathu lili ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu, Data Protection Act, ndiye kalaliki wochita zimenezi lero akhoza kudziputira mlandu weniweni. Mukafuna kupereka chitsanzo, pangani databesi yopanda kanthu, lembanimo mlimi wongopeka, muonetse vutolo pa iyeyo.

Ndi zimene ndinachita. Lipoti lachiwiri ndinalilemba pa pepala kaye, masiku awiri, ngati kalata yofunsira ntchito. Ndinati: lembetsani mlimi dzina lake Ng’oma ndi nkhodolero yopindika, ya nambala 8217. Sakani Ng'oma ndi yowongoka, ya nambala 39. Ndimayembekeza kumupeza, koma pulogalamu ikuti kulibe, ndipo ikulola kumulembetsa kachiwiri osachenjeza. Ndinaonjeza mtundu wa pulogalamu, mtundu wa Python, ndi kuti ndili pa Windows. Za Ng'Oma wa pa lisiti ndinazilemba m'lipoti lina, chifukwa malangizo awo ankati vuto limodzi, lipoti limodzi. Musamade nkhawa ndi Chingerezi chanu. Changa n'cha Fomu 4, ndipo ambiri amene ndakumana nawo kumeneko nawonso Chingerezi anachiphunzira kusukulu ngati ife. Chimene amafuna n'chakuti akatsatira mapazi ako, vutolo liwachitikire nawonso.

Yankho linabwera usiku womwewo kuchokera kwa mmodzi wa osamalira pulojekitiyo, amene amakhala ku India, komwe nthawi ili patsogolo pa yathu ndi maola atatu ndi theka. Anati waliona vutolo, ndipo njira yachidule ndi kuchotseratu nkhodolero zonse pofananiza mayina, kuti Ng'oma ndi Ngoma akhale munthu mmodzi.

Apa m'pamene ndinazindikira kuti pali chimene ndikudziwa ine chimene katswiriyu sangachipeze m'buku lake lililonse la khodi. Ndinamulembera kuti m'Chichewa nkhodolero ya pa ng' si chokongoletsa ndipo sikusonyeza kuti pachotsedwa lembo. Ndi liwu palokha. Ng'oma ndi yoimba pa gule, ngoma ndi nyama ya kutchire ya nyanga zopotana. Ng'oma ndi Ngoma ndi mayina awiri, ndipo m'mudzi umodzi mukhoza kukhala onse. Mukawaphatikiza, m'malo mogawa mlimi mmodzi pawiri mudzalipira munthu wina ndalama za mnzake, lomwe ndi vuto loipa kuposa loyambalo. Anayankha kuti sankadziwa zimenezo m'pang'ono pomwe, ndipo anafunsa ngati ndingayese kukonza ndekha, iye azindithandiza. Ndinawerenga uthengawo kanayi.

Za Git, pulogalamu yosunga mbiri ya zonse zosinthidwa pa khodi, ndingakambe mwachidule, chifukwa maphunziro ake ali mbwee pa intaneti. Umapanga fork, kutanthauza kuti kope lako la pulojekitiyo pa GitHub. Umalikokera pa kompyuta yako, umatsegula nthambi yako imene amati branch, umasintha, umasunga zosinthazo ndi commit, n'kuzitumiza. Kenaka umapempha eni ake kuti azilandire, ndipo pempholo ndi limene amati pull request. Zimene maphunzirowo sanena ndi za munthu wokhala ku Limbuli wogula bandulo ya ndalama za m'thumba mwake.

Git, imene Torvalds yemwe uja anailemba mu 2005, sifuna intaneti pa ntchito zambiri. Kusintha, kusunga, kubwerera m'mbuyo, kuyerekeza zakale ndi zatsopano, zonsezo zimachitika pa kompyuta yako. Netiweki imafunika pokoka ndi potumiza basi. Zimenezi zinandithandiza kwambiri, chifukwa nthawi imeneyo magetsi ankazima maola ambiri kuchokera pamene namondwe Ana anawononga Kapichira mu Januwale 2022. Ndinkatchaja laputopu magetsi akangoyaka, kulemba usiku netiweki nditazimitsa, n'kutumiza m'mawa. Pokoka koyamba lembani git clone --depth 1, kuti mutenge khodi ya lero yokha osati mbiri yonse ya zaka zambiri, bandulo isathere panjira. Musatayenso usiku wonse ngati ine kulimbana ndi pasiwedi potumiza: GitHub inasiya kulandira pasiwedi ya akaunti pa ntchito za Git mu Ogasiti 2021, m'malo mwake pamafunika kiyi yachinsinsi yapadera, imene amati token kapena kiyi ya SSH. Ndipo imelo imene mwaika mu Git imamatiridwa pa commit iliyonse, aliyense akhoza kuiona. GitHub imapereka imelo ina yobisira yanu yeniyeni, muisankhe musanayambe, chifukwa pambuyo pake kuichotsa n'chintchito.

Pull request yanga yoyamba inali ngozi. Ndinasintha mizere isanu, koma GitHub inaonetsa kuti ndasintha mafayilo oposa 40. Windows imamaliza mzere ndi zizindikiro ziwiri zosaoneka, Linux ndi chimodzi, ndipo pulogalamu imene ndinkalembera inatembenuza mafayilo onse amene ndinatsegula. Munthu wa ku India uja anandionetsa core.autocrlf, njira ya mu Git yopewera vuto limeneli, ndipo anandiphunzitsa chizolowezi chimene sindinachisiye: usanasunge chilichonse, lemba git diff uwerenge zimene wasinthadi, mzere ndi mzere.

Chachiwiri ndi chimene chinandipweteka mtima. Pofuna kuchotsa Ng'Oma, ndinachotsa title() n'kuikapo capwords(), imene imakweza lembo loyamba lokha la liwu lililonse. Pa laputopu yanga zinatuluka bwinobwino: Ng'oma, Mang'anda, M'bwana. Ndinagona ngati mfumu. M'mawa ndinapeza chizindikiro chofiira. Pulojekitiyo ili ndi mayeso amene amadziyendetsa okha munthu akatumiza zosintha, ndipo awiri analephera. O'Brien anasanduka O'brien, D'Souza anasanduka D'souza. Pansi pake panali ndemanga zisanu ndi zitatu za osamalira awiri, uyu akuti dzina la chinthu ichi silikumveka, uyo akuti mayeso ako ali kuti.

Ndinatseka laputopu, masiku atatu osaitsegula. Ndinkadziuza kuti anthuwa ndi onyada, munthu wadzipereka kwaulere iwo n'kumamuchonga ngati mwana wa Sitandade 5. Mayi a kunyumba atamva kudandaula kwanga anangofunsa akupeta mpunga: "Bambo ake, inu tiyi wa mitengo ndi masamba okhwima mumamulandira pa sikelo chifukwa mlimi wachokera kutali?" Sindinayankhe. Pa shedi timabweza dengu lonse ngati munthu sanatchole masamba awiri ndi nsonga, ndipo sitimuda, tikudziwa kuti ku fakitale akabweza, abweza tiyi wa tonse. Nditawerenganso ndemangazo mtima uli pansi, ndinaona kuti panalibe ndi imodzi yomwe yonena za ine. Zonse zinali za khodi. Ndinaonanso chinthu china chochititsa manyazi: ndinawachita a O'Brien zomwezo zimene ndinkadandaula kuti a Ng'oma achitidwa. Ndinakonza dzina la kwathu n'kuthyola la eni ake, chifukwa nanenso sindinawaganizire.

Titakambirana kwa sabata, tinagwirizana chinthu chosavuta kuposa zonse zimene aliyense wa ife anayamba nazo. Dzina la munthu pulogalamu isamalikonze. Ilisunge ndi kulisindikiza mmene walilembera kalaliki, chifukwa palibe lamulo limodzi la malembo akuluakulu lokwanira mayina a dziko lonse. Koma pofufuza ndi pofananiza ipange kope lina lobisika: malembo onse aang'ono, mipata yoonjezera itachotsedwa, ndipo nkhodolero za mitundu yonse zitasandutsidwa yowongoka. Tinapeza kuti si ziwiri zokha. Pali ina ya nambala 700, ndiponso ena amadina kachizindikiro kopendekera kumanzere kali pansi pa batani la Esc. Nkhodoleroyo isachotsedwe, kuti Ngoma ndi Ng'oma akhalebe awiri.

Ndinakumbukanso ŵ, w wa kadenga uja wa m'dzina la Malaŵi. Naye ali ndi njira ziwiri zolembedwera mu Unicode, mndandanda umene umapatsa lembo lililonse nambala yake: lembo limodzi la nambala 373, kapena w wamba wotsatana ndi kadenga payekha. M'maso n'chimodzimodzi. Python ili ndi unicodedata.normalize() yothetsera zimenezi. Apa ndinapempha zosiyana ndi za nkhodolero: posaka, ŵ ndi w aziwerengedwa ngati lembo limodzi, chifukwa anthu ambiri kadengako sakalemba, ndipo pa makiyibodi ambiri sikapezeka. Anandifunsa kuti bwanji china tikusunga, china tikuchotsa. Ndinati chifukwa ndi mmene anthu amalembera kuno, ndipo anandikhulupirira.

Ulendo uno ndinayamba ndi mayeso. Ndinalemba kuti Ng'oma wa yowongoka apeze Ng’oma wa yopindika, kuti Ngoma asapeze Ng'oma, kuti O'Brien atuluke mmene analowera. Ndinawayendetsa ndi pytest, pulogalamu yoyendetsera mayeso, ndisanakonze kanthu kuti ndiwaone akulephera, chifukwa mayeso amene sunawaonepo akulephera sudziwa ngati akuyesadi kanthu. Tili m'kati mwa zimenezi munthu wina wa ku Kenya, amene sanayankhulepo chiyambire, anaponya ndemanga: kwawo kuli dzina la Ng'ang'a, ndipo malisiti akhala akutuluka Ng'Ang'A kwa zaka ziwiri, iye ankangoganiza kuti ndi mmene makompyuta alili. Dzinalo tinaliika m'mayeso.

Ndinatumiza zonse kumayambiriro kwa Malichi 2023. Kenaka kunabwera namondwe Freddy.

Amene munali kuno simufuna kukumbutsidwa. Mvula ya masiku angapo osakata, phiri likugumuka ndi kutsitsa miyala ndi matope, mitsinje itasefukira, milatho itapita, misewu itaduka. Anthu a m'gulu lathu ena anataya nyumba, ena minda, ena abale. Za GitHub sindinaziganize n'komwe. Foni yanga inanyowa tikusamutsa katundu wa apongozi, osayakanso. Patatha milungu isanu, nditabwereka foni n'kupita ku Chitakale kukasaka netiweki yabwino, GitHub inandifunsa nambala yotsimikizira imene inkatuluka pa foni yakufa ija. Chaka chimenecho n'chimene GitHub inayamba kukakamiza otumiza khodi kuti azilowa ndi chitsimikizo chachiwiri, ndipo ine ndinali nditachitsegula kale. Chinandipulumutsa ndi manambala apadera amene amakupatsa tsiku loyamba, recovery codes. Ndinali nditawakopera ndi cholembera kuchikuto cha buku la sikelo, ndipo bukulo linali pamwamba pa kabati. Alembeni pa pepala. Mukawasunga m'foni momwemo, adzapita limodzi ndi foniyo.

Nditalowa ndinapeza kuti karoboti ka pulojekitiyo kaika chizindikiro choti pempho langa lagona nthawi yaitali, litsekedwa. Panalinso mafunso awiri ang'onoang'ono amene sindinayankhe. Ndinalemba mizere itatu yofotokoza zimene zinachitika kuno. Munthu wa ku India uja anachotsa chizindikirocho, anafunsa ngati banja lili bwino, ndipo anati mafunsowo angadikire. Ndinawayankha tsiku lomwelo, nditakhala pa khonde la golosale, batire ili pa 11 peresenti. Patapita masiku anayi analandira. Khodi yeniyeni inali mizere 23, mayeso mizere yoposa 60. Miyezi itatu.

Anzanga akamva nkhaniyi funso lawo ndi limodzi: anakupatsa zingati? Palibe ndi tambala yomwe. Bandulo inali yanga, tulo tinali tanga. Amene akuuzani kuti mukangoyamba kuthandiza pa open source madola ayamba kugwa akukunamizani. Njira zolipidwa zilipo ndithu. Google Summer of Code inayamba mu 2005, ndipo kuyambira 2022 salandira ophunzira a ku yunivesite okha, munthu wa zaka 18 kupita m'tsogolo amene akungoyamba kumene akhoza kufunsira. Outreachy nayo imalipira anthu kwa miyezi itatu. Koma mpikisano wake ndi wa dziko lonse, ndipo amayang'ana zimene unachitapo kale m'mapulojekitiwo. Chimene ndinapeza ine n'chakuti anthu odziwa kuposa aphunzitsi anga onse anawerenga khodi yanga mzere ndi mzere kwaulere, ndipo wina akandifunsa ngati ndimatha Python ndimamupatsa ulalo akaone yekha. Achinyamata a ku MUST uko ku Ndata, amene muli ndi netiweki ya pasukulu, sindikudziwa chimene mukudikira.

Pambuyo pake ndinayamba kumasulira pulogalamuyo m'Chichewa, poganiza kuti ndi ntchito yopepuka yopumulirapo. Ayi ndithu. Mawu onse a pa sikirini amakhala m'fayilo ya .po, chilankhulo chathu chizindikiro chake ndi ny, ndipo umangotsegula ndi Poedit n'kumalemba. Vuto linayamba pa liwu limodzi la Chingerezi loti deleted, limene analigwiritsa ntchito paliponse. Kwa iwo ndi liwu limodzi. Kwa ife mlimi wachotsedwa, munda wachotsedwa, minda yachotsedwa, lisiti lachotsedwa, chithunzi chachotsedwa, malipiro achotsedwa. Malo omasulira anali amodzi. Ndikalemba wachotsedwa, sikirini inkati lisiti wachotsedwa, Chichewa cha mzungu wa pa esiteti. Ndinatsegula issue ina kufotokoza magulu a mayina athu, ndipo zinapezeka kuti gettext, chida chimene chimaika zomasulirazo pa sikirini, ili kale ndi njira yake, pgettext, yolola liwu limodzi kumasuliridwa mosiyana malinga ndi pamene lili. Kungoti panalibe amene anaifunapo. Ntchito imeneyi sinathe mpaka pano. Ndafika pakati, ndipo mawu ena ndimakawayesa pa shedi: ndikawerengera amayi a pa mzere iwo n'kuyang'anana, ndimadziwa kuti ndalemba Chichewa cha mu ofesi. Pa balance ndinalemba ndalama zotsala, iwo anati ingolembani balansi, ndi mmene timanenera.

Kukonza khodi sikunakonze zimene zinalakwika kale. Ndinakhala Loweruka awiri ndi a sekilitale kufufuza mayina onse okhala ndi nkhodolero, ndipo tinapeza alimi ena asanu ndi mmodzi olembedwa kawiri. Awiri mwa iwo anali ataperewedwa ndalama osadziwa, chifukwa timapepala ta pa sikelo ankayatsira moto. Komiti inavomereza kuwabwezera, ndipo ine ndinaimirira pa msonkhano kufotokoza kuti amene anawalemba kawiri ndine. Agogo aja zawo tinali titawapatsa kale mu Febuluwale.

Anabweranso mu Juni, m'mawa wa chiperoni, atavala jekete lomwe lija, ndi tiyi wochepa wa nyengo yozizira. Ndinawasindikizira lisiti pa pulogalamu yatsopano, n'kuwaonetsa dzina lawo lopanda lembo lalikulu pakati. Analiyang'ana patali, chifukwa magalasi anasiya kunyumba.

"Ndiye kompyuta yanu ija yasiya kunama, akalaliki?"

"Pa dzina lanu yasiya, agogo."

Anapinda lisitilo kanayi, anamasula mphira wa chubu uja, n'kuliika pamwamba pa timapepala tinzake.